Ana anga, musanalowe nokha pansi pa nyanja

Ana anga, khalani pansi kaye, masilinda sathawa. Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mwayamba kulowa nokha pansi pa nyanja, popanda mnzanu wobira naye. Wina amatsika kukamasula nangula wokodwa m'miyala, wina kukaona tcheni chomangirira boti, wina akusaka mbuna zogulitsa kunja, winanso wangogula kamera ndipo safuna munthu womuthamangitsira nsomba. Ngakhale inu amene mumaphunzitsa alendo ku Chembe ndi ku Nkhata Bay, musadzinamize. Mukakhala pansi ndi ophunzira anayi amene angoyamba dzana, muli nokha, chifukwa mpweya ukakutherani palibe mmodzi wa iwo amene angadziwe chochita. Makolo anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, ndipo mtima wanga ukadali pomwepo: ndikadakonda muzilowa awiriawiri. Koma ndikudziwa kuti mawa m'mawa wina wa inu adzalowabe yekha, ndiye kuli bwino ndimuuze zoyenera kutenga.

Yambani mwadzifunsa zimene mnzanu uja amakuchitirani pansi paja. Amakusungirani mpweya wachiwiri. Amaona kumsana kwanu kumene maso anu safika. Manja ake amakhala omasuka pamene anu akodwa. Ali ndi geji yake ndi wotchi yake, ndipo mutu wake ukhoza kukhala uli bwino pamene wanu wasokonezeka. Mukamusiya kumtunda, zonsezo zimafunikabe, ndipo wozinyamula ndinu. Zambiri mwa izo zimagulidwa, kupatula mutu wachiwiri uja. N'chifukwa chake mabungwe ophunzitsa ntchitoyi salola munthu wamba kuphunzira kubira yekha. A SDI, amene anayamba kupereka maphunziro amenewa mu 1999, amafuna munthu wa zaka 21 kupita m'tsogolo, amene wabira kale maulendo 100 olembedwa m'buku lake. A PADI nawo amafuna maulendo 100 omwewo, ngakhale amalola kuyambira zaka 18. Ngati buku lanu silinafike pamenepo, zonse zimene ndinene pano muzimve ndi kuzisunga, koma m'madzi muzilowa ndi mnzanu. Silinda yachiwiri siphunzitsa munthu kudekha.

Tiyambe ndi mpweya, ndipo apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene ambiri mumalakwitsa mukuganiza kuti mwakonzeka.

Ndikafunsa mnyamata kuti mpweya wake wapadera uli kuti, amandionetsa chakukamwa chachikasu chija chimene timati octopus, n'kumwetulira. Mwana wanga, chimenecho si chako. Anachiika pamenepo kuti mnzako akasowa mpweya adzapume m'silinda yako. Tsata paipi yake ndi chala uone kumene yathera: yalowa m'mutu womwewo wa regulator, pa valavu yomweyo, pa silinda yomweyo imene ukupumamo. Ndi mipopi iwiri yotunga m'thanki imodzi. Thanki ikauma yonse yauma. Octopus ingakuthandize ngati chakukamwa chako chang'ambika kapena chalowa mchenga, basi. Koma O-ring ya pa valavu ikaphulika, kapena paipi ikang'ambika, kapena mutu wa regulator ukayamba kutulutsa mpweya osaleka, zonse ziwiri zimafera limodzi. Amene anaonapo zimenezi sayiwala. Kuseri kwa khosi kumamveka kuphulika, thovu limabwatamuka mpaka madzi onse kuyera, makutu amagontha ndi phokoso, ndipo ukakweza geji umaona muvi wake ukutsika pamaso pako. Paipi yopita kukamwa ikang'ambikiratu, silinda yodzaza ikhoza kutha mphindi ziwiri zisanakwane.

Tsono mpweya wapadera weniweni ndi umene uli m'silinda ina, yokhala ndi valavu yake, regulator yake ndi geji yake, yosakhudzana ndi yoyamba paliponse. Njira zake zilipo zingapo. Ena amanyamula masilinda awiri kumsana olumikizidwa ndi valavu yapakati imene ungatseke mbali imodzi ikawonongeka. Ndi njira yabwino, koma imafuna kuti dzanja lanu lizifika kuseri kwa khosi n'kutseka valavu yoyenera mwachangu, muli m'kati mwa thovu, osaona kanthu. Ngati simunazolowere, mudzatseka yabwinoyo. Ena amapachika masilinda awiri m'nthiti, ina kumanja ina kumanzere, mavalavu onse ali pamaso. Zimenezi n'zabwino kwambiri kwa amene waziphunzira. Palinso valavu ya nthambi ziwiri yoika pa silinda imodzi. Imeneyo imateteza regulator ikafa, koma mpweya ukatha watha. Kwa ife kuno, poona ndalama zathu ndi ntchito zathu, ine ndimalimbikitsa kasilinda kapadera kamene timati pony, ndipo ndimakonda kokapachika kutsogolo, m'mbali mwa chifuwa, kumene maso amakaona ndi dzanja limakafika, osati kokamangirira kumsana kumene kangathe mpweya inu osadziwa.

Funso lotsatira ndi kukula kwake, ndipo limeneli siliyankhidwa ndi maso kapena ndi mtengo. Tengani pensulo. Munthu wodekha amapuma malita pafupifupi 20 pa mphindi ali pamwamba pa madzi. Munthu amene wangomva kuphulika kumsana kwake sapuma modekha. Muikireni malita 40. Pa mamita 30 madzi amapanikiza kanayi kuposa pamwamba, ndiye mphindi iliyonse imadya malita 160. Mupatseni mphindi imodzi pansi pomwepo yoti apeze chakukamwa china, aone kumene ali, agwire mtima: malita 160 apita. Akwere kuchoka pa mamita 30 kufika pa mamita 5 pa liwiro loyenera la mamita 9 kapena 10 pa mphindi. Ndi mphindi zitatu, malita pafupifupi 330. Aime pa mamita 5 kwa mphindi zitatu monga tonse timachitira, malita 180. Atuluke pang'onopang'ono, malita ena 50. Zonse pamodzi zapitirira malita 700. Tsono onani kasilinda ka malita 3 kamene ambiri mumakonda chifukwa n'kopepuka. Mukakadzaza kufika 200 bar muli malita 600. Pa mamita 30 sikakwana. Bwerezani masamu omwewo pa mamita 20 mupeza malita pafupifupi 530, ndiye kakwana, koma movutikira. Wofuna kufika mamita 30 yekha anyamule ya malita 5 kapena 6, imene imasunga malita 1,000 kapena kuposerapo. Ndipo timabotolo ting'onoting'ono tija tokhala ndi chakukamwa pamutu pake, tosakwana n'komwe malita 100 a mpweya, pa mamita 30 timatha m'theka la mphindi. Ndimadana nato chifukwa timapatsa munthu mtima woti ali ndi pothawira pamene alibe.

Mwaona chimene masamuwa akutiuza? Malire a kuya kwa wobira yekha amaikidwa ndi kasilinda kakang'ono kaja. Chiphaso chanu chingalole mamita 30 kapena 40, silinda yayikulu ya malita 12 ingakhale ndi malita 2,400, koma ngati pony wanu angakutulutseni kuchokera pa mamita 20 okha, pamenepo ndiye pothera panu. Ndipo manambala ndakupatsaniwa ndi a munthu wongoyerekeza. Yezani kapumidwe kanu: sambirani mphindi 10 pa mamita 10, onani ma bar amene atha, chulukitsani ndi kukula kwa silinda, gawani ndi mphindi 10 zija, kenako gawani ndi 2. Mnyamata wamkulu thupi wokoka tcheni amapuma kuposa mtsikana wodekha wojambula nsomba, ndipo aliyense ayenera kudziwa nambala yake.

Pony ali ndi malamulo ake. Mpweya wake sauwerengera pa ulendo. Tsiku limene mudzati, "Silinda yatsala pang'ono koma ndili ndi pony, ndijambule kampango uyu kaye," tsiku limenelo mulibenso mpweya wapadera, mwangokhala ndi silinda yokulirapo. Musanalowe, onani geji yake, osati kungokhulupirira kuti munadzaza sabata yatha. Mukangomira mamita awiri kapena atatu, pumanimo kangapo kuti mudziwe kuti akugwira ntchito m'madzi, kenako bwererani ku chakukamwa chanu. Ndipo chakukamwa chake chikhale chosiyana ndi chachikulu, mtundu wake ndi kamvekedwe kake pamano, moti ngakhale mumdima mudziwe chimene mwaluma. Alipo anthu amene anafa chifukwa cholowa m'madzi akupuma mwa pony osadziwa. Geji yayikulu inkaonetsa kuti silinda n'njodzaza, mpweya n'kutha mwadzidzidzi ali pansi, iwo n'kusokonezeka, pamene kumsana kwawo kunali mpweya wokwanira ola lathunthu. Ngati geji yanu sikutsika pamene mwakhala mukupuma, musakondwere, fufuzani.

Za silinda yayikulu, tengerani nzeru kwa obira m'mapanga. Sheck Exley wa ku Florida, atafufuza imfa za anzake, analemba mu 1979 malamulo opulumutsa moyo, ndipo limodzi mwa iwo ndi logawa mpweya patatu: gawo limodzi lopitira, lina lobwerera, lachitatu losakhudza. Mukayamba ndi 200 bar, tembenukani muvi ukafika pafupi ndi 135, ndipo mutuluke muli ndi 65 kapena 70. Anzanu adzakusekani kuti mukubweza mpweya ku kompuresa. Sekani nawo, koma musasinthe.

Inu amene mumagwira mbuna ndi paipi yayitali yochokera ku kompuresa ya m'boti, nkhaniyi ndi yanunso, mwina kuposa ena onse. Injini imazima, petulo amatha, paipi imapindika pa mwala kapena kudulidwa ndi boti lina. Wopanda kasilinda pachifuwa amangotsala ndi njira imodzi, kuthamangira kumwamba, ndipo ndi kumene mapapo amaphulikira. Mumadziwa bwino kuti nsomba yogwidwa kozama simuikweza tsiku limodzi. Mumaiika m'mgolo, n'kumaukweza pang'onopang'ono masiku angapo kuti chikhodzodzo chake cha mpweya chisatupe. Chisamaliro chimene mumapatsa nsomba yogulitsa, lipatseninso thupi lanu.

Pali chinthu chimodzi chimene pony sangakutetezeni. Masilinda onse awiri amadzazidwa pa kompuresa imodzi. Ngati paipi yokokera mpweya ili pafupi ndi potulukira utsi wa injini, kapena mphepo yatembenuka n'kumakankhira utsiwo komweko, poizoni wa mu utsi walowa monsemo. Poizoniyo alibe fungo, koma kawirikawiri amabwera ndi kafungo ka mafuta kapena ka utsi. Tsegulani valavu pang'ono, nunkhizani, lawani. Imani pomwepo pamene akudzaza, muone kumene paipi yaloza, mufunse kuti fyuluta anasintha liti. Mutu ukayamba kuwawa muli pansi, kapena mseru ukabwera, kwerani, musadikire kuti muone ngati zisiya. Masilinda enieniwo aziwatsegula n'kuwaona m'kati chaka chilichonse, ndipo asapitirire zaka 5 osayezedwa mphamvu.

Tsopano maukonde. Kunyanja zamchere amaopa zina, ife kuno mdani wathu ndi ukonde wotayika. Ngakhale m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo kupha nsomba pafupi ndi miyala yake n'koletsedwa, zidutswa za matchera zimabwera ndi mafunde n'kukodwa m'miyala ya ku Thumbi, ku Domwe ndi ku Otter Point. Oipitsitsa ndi maukonde opyapyala a pulasitiki aja, chifukwa m'madzi saoneka. Umangomva kuti ukupalasa koma sukuyenda, kenako kanthu kakukoka kuseri kwa mutu. Ukonde sukonda kugwira pachifuwa pamene ungauone. Umagwira pa valavu, kumsana. Zikatero thupi limafuna kutembenuka kuti lione, ndipo kutembenuka kumeneko ndiko kumamanga munthu, chifukwa ukazungulira kamodzi wadzikulunga wekha. Imani. Pumani katatu. Onani geji kuti mudziwe nthawi imene muli nayo. Kawirikawiri imakhala yambiri kuposa mmene mtima ukunenera. Bwererani m'mbuyo pang'ono momwe munadzera, pititsani dzanja kuseri, gwirani ulusi, dulani umodziumodzi. Zikakanika, masulani jekete yonyamulira silinda, muibweretse kutsogolo chakukamwa chili m'kamwa, muchotse ukonde mukuuona, muvalenso. Zimenezi munthu saphunzirira tsiku la ngozi.

Chimpeni chachikulu chomangirira pamwendo chija n'chokongola pa chithunzi. Ulusi wa pulasitiki umaterera pa mpeni wotero, ndipo ngati ukonde wagwira mwendo womwewo, kapena wakumangani moti simungawerame, simuufikira. Nyamulani zodulira ziwiri zosiyana: sizasi yolimba, ndi kodulira kakang'ono kokhala ndi lezala m'kati mwa ngowe. Chimodzi chikhale palamba kutsogolo, china paphewa kapena padzanja, moti dzanja lililonse, lamanja kapena lamanzere, lifikire chimodzi popanda kuthandizidwa ndi linzake. Chodulira chikagwa m'manja chapita, n'chifukwa chake timati ziwiri. Ndipo muzizitsuka n'kuziyesa pa chidutswa cha ukonde kumtunda. Sizasi yadzimbiri imangotafuna ulusi.

Magalasi akumaso apadera, ikani m'thumba la jekete, opaka kale mankhwala kapena malovu kuti asachite nthunzi. Lamba wa magalasi amaduka popanda chenjezo, ndipo wopanda magalasi sangawerenge geji kapena kompyuta, ndiye sadziwa kuya kwake kapena liwiro limene akukwerera. Tochi yaing'ono ikhale nanu ngakhale masana, ndipo usiku zikhale ziwiri. Kampasi musaisiye, pakuti mwera ukavundula madzi miyala yonse imafanana.

Pa kompyuta ya padzanja pali nkhani imene alendo ambiri ochokera kunyanja zamchere saidziwa, ndipo ena a inu munaiwala. Nyanja yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 475 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene matebulo wamba a nthawi yokhala pansi anawakonzera malo osapitirira mamita 300. Kuno mpweya wa pamwamba ndi wopepukirapo, ndiye nayitrojeni amene walowa m'thupi amatuluka mwamphamvu kuposa kugombe la ku Mozambique. Onetsetsani kuti kompyuta yanu ikudziwa kuti ili pamtunda ndiponso kuti ili m'madzi opanda mchere. Zina zimadzisinthira zokha, zina mumaziuza ndinu. Wobira yekha akhale ndi ziwiri, ndipo yachiwiriyo izilowa m'madzi ulendo uliwonse. Kompyuta yosiyidwa m'chikwama sidziwa nayitrojeni amene muli naye kuyambira m'mawa, ndiye mukaitenga masana idzakunamizani. Zikasiyana, mverani imene ikukuuzani kuti mutuluke msanga. Ngati ndalama ya kompyuta yachiwiri palibe, wotchi yosalowa madzi, geji ya kuya, ndi nthawi zolembedwa pa kasileti zikwanira, bola muzidziwa kuziwerenga.

Ndipatukeko pang'ono, chifukwa izi zimandidetsa nkhawa. Mukatuluka m'madzi ku Nkhata Bay n'kukwera minibasi ya ku Mzuzu madzulo omwewo, mwakwera kufika mamita oposa 1,200. Kuchoka ku Salima kupita ku Lilongwe mwafika pafupifupi 1,050, ndipo wochoka ku Monkey Bay kudzera ku Golomoti kukwera ku Dedza wapitirira 1,500. Thupi silisiyanitsa phiri ndi ndege. A Divers Alert Network amalangiza kudikira maola osachepera 12 musanakwere ndege mukabira kamodzi, ndi 18 mukabira kangapo. Ine ndimati gonani kunyanja, mukwere m'mawa. M'mphepete mwa nyanja yathu mulibe chipinda chopanikiza mpweya chochizira munthu amene nayitrojeni wachita thovu m'magazi mwake. Wodwala wotero amafunika kumuulutsa kupita kunja kwa dziko, ndipo maola amenewo miyendo imakhala ikufa. Chimene tingathe ife ndi kukhala ndi silinda ya okosijeni m'boti ndi munthu wodziwa kuitsegula.

Chifukwa chomwecho, wobira yekha asachite ulendo wofuna kuima nthawi yayitali pokwera, asalowe m'phanga kapena pansi pa miyala imene ilibe potulukira pamwamba, ndipo asayambire yekha malo amene sanafikepo. Kupitirira mamita 30 nayitrojeni amaledzeretsa, ndipo woledzera sadziwa kuti waledzera. Amamuona ndi mnzake, amene inu mulibe. Malo ngati Zimbawe Rock, kumene mwala umatsika kozama ndipo madzi amakoka, si oyendako munthu mmodzi.

Kumbukiraninso kuti nyanja ino m'malo ena ilibe pansi poti n'kukugwirani. Kumpoto imazama mamita pafupifupi 700, ndipo magombe ena amatsika chiphompho pafupi pomwe ndi mtunda. Jekete ikabooka pamalo otere, chimene chingakupulumutseni ndi kusalemera. Madzi athu alibe mchere, sanyamula munthu ngati a ku Indian Ocean, ndiye mtovu umene munavala kumeneko kuno ndi wochuluka. Chotsani makilogalamu awiri kapena atatu, muyezenso. Muyenera kutha kukwera ndi miyendo yokha jekete ilibe mpweya, ndipo lamba wa mtovu akhale womasuka ndi dzanja limodzi, wosapanikizidwa ndi zingwe za pony. Vuto lina ndi la batani lopopera jekete likakanirira, n'kumakukwezani mosafuna. Zala zanu zizolowere kuchotsa paipi yake osayang'ana.

Mukafika pamwamba simunafike kwanu. Kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti mwera umatha kudzuka munthu ali pansi, ndipo amene analowa nyanja ili bata amatuluka mafunde ali msinkhu wa munthu, boti lili kutali. Mutu wa munthu pakati pa mafunde suoneka. Nyamulani chibaluni chachitali chofiira kapena cha olenji, ndi chingwe chake chokulungidwa bwino chotalika kuposa kuya kumene mukupita. Chitumizeni kumwamba mukadali pa mamita 5 kuti maboti a injini adziwe kuti pansi pali munthu, ndipo musadzimangirire chingwecho pathupi, chifukwa chikakodwa ku boti lodutsa chidzakukokani. Chibaluni chomwecho chingakuthandizeni kuyandama jekete ikafa. Onjezani wezulo wopanda kanjere m'kati, amene amalira ngakhale atanyowa, ndi kagalasi kothwanimitsira dzuwa. Zinthu zimenezi n'zotsika mtengo, koma ndi zimene zimachititsa kuti asodzi akuoneni dzuwa lisanalowe.

Ndipo kubira nokha sikutanthauza kupita mwakabisira. Pamwamba pakhale munthu wamkulu, wamaso, osati kamwana kongosungira bwato, osatinso munthu amene waponya mbedza n'kuiwala za inu. Muuzeni kumene mukulowera, kuya kumene mufike, ndi nthawi imene mutuluke. Muuzeninso chochita nthawiyo ikapitirira ndi mphindi 10: aimbire ndani, ayang'ane mbali iti malinga ndi mphepo. Foni ikhale m'thumba losalowa madzi, ili ndi moto ndi mayunitsi. Funsaninso eni dera za ng'ona ndi mvuu, makamaka pafupi ndi mathiriro a mitsinje ndi m'mabango. Safunsa anadya phula.

Ndikudziwa kuti zipangizo zimenezi n'zodula, ndipo zambiri zimachokera ku South Africa kapena kutsidya kwa nyanja, moti ka O-ring kamodzi mukhoza kukadikira mwezi. Mayesero amakhalapo oti regulator yakale, imene munaisiya chifukwa inkavuta, muiike pa pony. Musatero. Chida chapadera chimagwira ntchito pa mphindi yoipitsitsa ya moyo wanu, mukupuma mwaphuma, ndiye chiyenera kukhala chabwino ngati choyamba, ndi kukonzedwa nthawi yomweyo imene mukonzetsa choyambacho. Wina akamabwera kuchokera ku Johannesburg, mutumeni ma O-ring, malamba a magalasi, zolumira ndi mabatire a kompyuta musanamutume foni yatsopano. Ndipo labala ya chubu cha njinga si O-ring, ngakhale itaoneka kuti yagwira.

Komanso musapitirire muyeso. Ndaonapo achinyamata atamva malangizo ngati awa n'kudzikoleka zinthu thupi lonse, geji ikulendewera uku, tochi uko, zingwe zili balala. Chilichonse cholendewera ndi ngowe yoitana ukonde. Chinthu chilichonse chikhale ndi malo ake amodzi, chomangidwa pafupi ndi thupi, ndipo malowo asamasinthe, kuti dzanja lizipita lokha. Ngati simungafotokoze vuto limene chida china chimathetsa, chisiyeni m'boti. Ngati chida chimodzi mwa zofunika zija chavuta muli pansi, ngakhale chapaderacho chagwira bwino ntchito, ulendo watha pomwepo. Simupitiriza ndi chimodzi.

Chida chomaliza ndi ufulu wokana. Wobira yekha alibe womuchititsa manyazi, ndiye alibenso chifukwa cholowera m'madzi ali ndi chimfine, atagona mochedwa ku mowa, kapena mtima ukukayika. Bwana wa boti akakukakamizani kuti nangula wake ndi wodula, muuzeni kuti mulowa mphepo ikatsika kapena mnzanu akabwera.

Tsono pempho langa ndi ili. Sabata ino pitani pamchenga wosaya, mamita 4 kapena 5, mnzanu ali pambali akukuyang'anirani. Chotsani chakukamwa chachikulu, mupeze cha pony maso ali chitsinzire, mukwere nacho mpaka pamwamba pa liwiro loyenera, muone ma bar amene atha. Vulani magalasi, mutulutse apadera m'thumba, muvale. Mnzanuyo akukoleni chidutswa cha ukonde pa valavu, mudzimasule ndi dzanja lamanzere lokha, kenako ndi lamanja lokha. Tumizani chibaluni kumwamba osakwera nacho. Chimene chakuvutani, mubwereze mpaka chileke kuvuta, ndipo muzichita zimenezi mwezi uliwonse. Mukatha, bwerani ndi pepala la masamu a mpweya wanu mudzandionetse, tiwerengere limodzi musanalowe nokha.